Kalata yotseguka kwa Mkulu wa Maphunziro ndi Masewero m'boma la Kasungu: chikho chikabwera kwa Njombwa, sukulu zitsekedwe?

Kwa Mkulu wa Maphunziro ndi Masewero, Khonsolo ya Kasungu
Kuchokera m'dera la Mfumu Yaikulu Njombwa

Olemekezeka Bwana,

Timu ya m'dera ikatenga chikho, chimwemwe chimabwera ndi funso: kodi ana apite kusukulu pa tsiku lolandira chikhocho, kapena sukulu zitsekedwe kuti aliyense akakhale nawo kubwalo? Kumudzi funsoli silifika kuofesi ndi kalata. Limayankhidwa pafoni pakati pa wokonza mpikisano ndi mphunzitsi wamkulu, ndipo nthawi zina silifunsidwa n'komwe. Ng'oma ndi mavuvuzela zikangomveka, ana amayamba kuzemba mmodzimmodzi nthawi ya buleki, aphunzitsi n'kutsala ndi makalasi opanda anthu. Kalata ino ikupempha kuti ofesi ya maphunziro ikhale ndi yankho lolembedwa, lodziwika kwa mafumu, aphungu, makhansala ndi makomiti a sukulu. Yankholo likhale lakuti sukulu zisatsekedwe. Chosuntha chikhale chikondwerero, osati phunziro.

Zikho zimene zimafika kumadera ngati kwa Njombwa sizofanana. Pali mipikisano ya sukulu zokhazokha, imene imayambira pazoni n'kukwera mpaka paboma ndi kuchigawo pansi pa bungwe la masewero a m'sukulu la MASSA. Pali mabonanza a mpira wamiyendo ndi wamanja amene amathandizidwa ndi phungu, khansala, wamalonda kapena munthu amene akufuna kudzaima nawo pachisankho. Palinso mpira waukulu, wa matimu amene amasewera m'maligi a m'chigawo chapakati ndi cholinga chokwera mu Super League, monga inachitira TN Stars ya ku Kasungu imene inalowa mu ligiyi mu 2018. Pamwamba pa zonsezi pali matimu a dziko: Flames, Scorchers ndi Queens. Mwa zinayi, zimene zimasokoneza maphunziro kwambiri ndi mabonanza, chifukwa tsiku la ndime yomaliza limasankhidwa potsata nthawi ya mlendo wolemekezeka, ndipo bwalo labwino m'dera kawirikawiri limakhala la pasukulu ya pulayimale.

Mphamvu yotseka sukulu siili m'manja mwa wokonza mpikisano, ngakhale atakhala kuti ndiye wagula chikho ndi mayunifomu. Kalendala ya sukulu imatulutsidwa ndi Unduna wa Maphunziro, ndipo ili ndi materemu atatu. Masiku atchuthi a dziko, monga 15 Januwale, 3 Malichi, 14 Meyi, 6 Julayi ndi 15 Okutobala, amadziwika chaka chisanayambe. Lamulo la maphunziro la 2013 limanena kuti mwana aliyense ayenera kuphunzira sukulu ya pulayimale. Mphunzitsi wamkulu amayankha kwa mlangizi wa maphunziro wa pazoni, amene aphunzitsi amangomutchula kuti a PEA, ndipo a PEA amayankha kukhonsolo. Papepala zonsezi n'zomveka. Vuto limabwera pamene munthu wamkulu waima pakhomo la ofesi ya mphunzitsi wamkulu n'kunena kuti ana aweruke msanga kuti akalandire alendo. Mphunzitsi amene amakhala m'nyumba ya sukulu, n'kumatunga madzi pamjigo umodzi ndi anthu a m'mudzimo, sangakane mosavuta ngati alibe kalata ya ofesi yoti aonetse. Lamulo lolembedwa limateteza mwana, koma poyambirira limateteza mphunzitsiyo.

Amene amafuna kuti sukulu zitsekedwe ali ndi mfundo zoyenera kumvedwa. Dera lakumudzi silipambana kawirikawiri. Nkhani zake zikamveka pawailesi nthawi zambiri zimakhala za mitengo yotsika ya fodya, za ng'amba kapena za ngozi ya pamsewu. Tsiku limene anyamata kapena atsikana a komweko abweretsa chikho ndi tsiku limene mwana amaona ndi maso ake kuti munthu wobadwira m'mudzi mwake angathe kuimbiridwa m'manja ndi chinamtindi cha anthu. Izi ndi maphunziro ndithu, ndipo mwana wa sitandade 5 adzazikumbukira kuposa phunziro la masamu la tsiku limenelo. Ena amanenanso kuti ngakhale sukulu itatsegulidwa, ana sangabwere, ndipo obwerawo mitima yawo idzakhala kubwalo, choncho kuli bwino kuvomereza zoona. Mfundo yachiwiriyi ndi yofooka, chifukwa ikanakhala yoona ndiye kuti sukulu zikanamatsekedwanso tsiku lililonse la msika. Koma yoyambayo ndi yolemera, ndipo yankho lililonse limene lingainyoze anthu sadzalilandira.

Mayiko ena anayankhapo funsoli mosiyanasiyana. Senegal itatenga chikho cha Africa pogonjetsa Egypt pamapenate pa 6 Febuluwale 2022, Pulezidenti Macky Sall analengeza kuti tsiku lotsatira likhale latchuthi. Saudi Arabia inachita chimodzimodzi itachinya Argentina 2–1 pa 22 Novembala chaka chomwecho, ndipo tchuthicho chinakhudza ogwira ntchito ndi ana asukulu omwe. Ku Philadelphia, m'dziko la America, sukulu za boma zinatsekedwa pa 8 Febuluwale 2018 pamene timu ya Eagles inkaguba ndi chikho mumzinda. Kumeneko chifukwa china chinali cha mayendedwe, popeza misewu inatsekedwa ndipo mabasi ndi sitima zinasinthidwa kuti zinyamule khamu la ochemerera. Mwana wa kwa Njombwa amayenda wapansi kapena panjinga, ndipo palibe perete imene ingamutsekere njira ya kusukulu.

Chitsanzo choyenera kuchiyang'anitsitsa ndi cha South Africa. Timu ya rugby ya dzikolo, Springboks, inatenga chikho cha dziko lonse pa 28 Okutobala 2023 pogonjetsa New Zealand 12–11 ku Paris. Anthu ankayembekezera tchuthi Lolemba lotsatira. Pulezidenti Cyril Ramaphosa anaperekadi tchuthicho, koma anachiika pa 15 Disembala, chifukwa ophunzira a chaka chomaliza cha sekondale anali akuyamba mayeso awo. Dziko lonse linadikira masabata pafupifupi asanu ndi awiri kuti ana alembe mayeso mwabata, ndipo chikho sichinachite dzimbiri. Ngati dziko lingadikire motero ndi chikho cha dziko lonse lapansi, komiti ya bonanza ingadikire kuchokera Lachitatu kufika Loweruka.

Malawi nayenso ali ndi masiku ake a chimwemwe. Flames inachinya Algeria 3–0 ku Angola mu Januwale 2010. Mu Januwale 2022 inafika m'ndime ya matimu 16 ku Cameroon, komwe Gabadinho Mhango anamwetsa chigoli chochokera kutali kwambiri pamasewero ndi Morocco. Scorchers inatenga chikho cha COSAFA pa 15 Okutobala 2023 pogonjetsa Zambia 2–1, ndipo Temwa Chawinga ndiye anamwetsa zigoli zambiri mumpikisanowo. Ana a m'midzi anamva zonsezi pawailesi, ena anaonera m'nyumba zoonetsera makanema pamatreding'i, ndipo atsikana ambiri anayamba kudzitcha mayina a osewerawo akamamenya mpira wachikulunga. Chidwi chimenecho sichinadalire kutseka kalasi.

Dziko lino lilinso ndi mbiri ina imene akuluakulu a ku Kasungu amaikumbukira bwino. M'nthawi ya ulamuliro wa chipani chimodzi, ana asukulu ankachotsedwa m'kalasi kukandanda m'mbali mwa msewu ndi kukaimba pamene Kamuzu Banda ankayendera mbewu kapena kuchititsa msonkhano. Ankaima padzuwa maola ambiri, ndipo palibe kholo limene likanayerekeza kufunsa za maphunziro otayika. Chizolowezi chogwiritsa ntchito ana podzaza bwalo sichinatheretu pamene ulamulirowo unatha mu 1994. Bonanza yothandizidwa ndi wandale ikamayandikira nthawi yachisankho, malire pakati pa chikondwerero cha mpira ndi msonkhano wokopa anthu amakhala ochepa kwambiri: chikho chimaperekedwa m'mphindi zisanu, zolankhula n'kutenga maola awiri. Sukulu ikatsekedwa pa tsiku lotero, boma limakhala lapereka ana ake kuti akhale khamu la munthu mmodzi.

Koma chifukwa chachikulu chokanira kutseka sukulu m'dera lino chili m'munda wa fodya. Amene amaganiza kuti sukulu ikatsekedwa mwana aliyense amathamangira kubwalo sanakhalepo pakhomo la mlimi wa fodya. Ntchito ya fodya simatha. Imayamba ndi nazale m'chilimwe, pamene mbande zimafuna kuthiriridwa m'mawa ndi madzulo. Mvula ikagwa pamabwera kuwokera, kupalira, kuthira feteleza ndi kubandira. Kuyambira Januwale mpaka Malichi ndi nthawi yothyola, kusoka masamba ndi kuwapachika pamikangala m'zigafa, ndipo ntchito imeneyi siyembekezera munthu, chifukwa tsamba likapsa m'munda lawonongeka. Kenako pamabwera kusankha magiredi, kumanga ndi kudinda mabelo pajeke, kuti fodya akafike kumsika wa Chinkhoma kapena ku Kanengo misika ikatsegulidwa cha mu Epulo. Teremu yachiwiri yonse ndi chiyambi cha yachitatu zimagwa m'kati mwa nyengo imeneyi. Pakhomo pamene manja ndi ochepa, uthenga woti mawa kulibe sukulu umamveka ngati uthenga woti mawa pali wothandiza wina kuchigafa. Mwana wa m'banja lopezako bwino adzapitadi kukaonera chikho. Mwana wa mlimi wamng'ono, ndi wa banja limene limagwira ntchito pa esiteti, adzakhala pansi ndi singano ndi chingwe kuyambira m'mawa, ndipo mkokomo wa kubwalo adzaumvera patali. Mtsikana adzatsala ndi khanda kuti mayi apite kumunda. Tchuthi cha chikondwerero chimagawa ana pawiri, ndipo amene amaluza zonse, phunziro ndi chisangalalo chomwe, ndi amene anali kale m'mbuyo.

Nkhani imeneyi si yaing'ono kwa boma limene chuma chake chimadalira fodya. Lamulo la ntchito la 2000 limaletsa kulemba ntchito mwana wosafika zaka 14. Pa 1 Novembala 2019 dziko la America linaika chiletso pa fodya wa Malawi wolowa m'dzikolo chifukwa cha nkhawa za ntchito yokakamiza ndi kugwiritsa ntchito ana. Mu 2021 Nyumba ya Malamulo inasintha lamulo la ntchito n'kuthetsa utenanti. Alimi a pakontirakiti amauzidwa chaka chilichonse ndi alangizi a makampani kuti mwana asapezeke m'munda kapena m'chigafa. Fodya wobiriwira, makamaka wonyowa ndi mame, amalowetsa nikotini m'thupi kudzera pakhungu, ndipo amachititsa chizungulire, mutu ndi kusanza. Chida champhamvu kwambiri chimene dera lili nacho pothana ndi zonsezi ndi rejisitala ya m'kalasi. Mwana amene dzina lake laitanidwa hafu seveni m'mawa, n'kuyankha, sali kuchigafa.

Pali chinthu chinanso chimene mwana amataya. M'sukulu zimene zimaphika phala, tsiku lotseka ndi tsiku lopanda phala, ndipo m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, pamene nkhokwe zambiri zimakhala zitagona, kapu imeneyo kwa ana ena ndiyo chakudya choyamba cha tsikulo.

Onena kuti tsiku limodzi silingaphe munthu amaiwala masiku amene atayika kale. Mliri wa Covid-19 unatseketsa sukulu zonse pa 23 Malichi 2020. Olemba mayeso anabwerera pa 7 Seputembala, ena onse pa 12 Okutobala, ndipo kumayambiriro kwa 2021 sukulu zinatsekedwanso, kenako kunabwera sitiraka ya aphunzitsi. Ana amene anali sitandade 1 ndi 2 nthawi imeneyo anakwera makalasi ndi mipata m'kuwerenga kwawo. Kupatula zazikuluzi, pali masiku amene amatha mwakachetechete chaka chilichonse: mvula ikagwa pa kalasi ya pansi pa mtengo, madambo ndi timitsinje tothira mu Bua tikadzaza, maliro akagwa pafupi ndi sukulu, malungo akagwira mwana kapena mphunzitsi, sabata yoyamba ya teremu imene imathera kusesa ndi kulembetsa, ndi sabata yomaliza imene imathera kudikira zotsatira. Ambiri mwa masiku amenewa palibe angawaletse. Tsiku la chikho ndi limodzi mwa ochepa amene munthu amasankha yekha.

Kuwerengera kwake n'kosavuta. Sukulu ya ana 1,000 ikatseka tsiku limodzi, masiku 1,000 a kuphunzira apita. Zoni ya sukulu 12 zoterozo ikatseka pamodzi, ndi masiku 12,000. Kuyambira pamene maphunziro a pulayimale anakhala aulere mu 1994, makalasi ang'onoang'ono ndi odzaza kotero kuti mphunzitsi sangabwerere m'mbuyo kwa mwana aliyense. Ndondomeko ya kuwerenga imene inayamba mu 2016 ili ndi maphunziro otsatizana tsiku ndi tsiku m'buku la mphunzitsi: lembo la lero limamangidwa pa lembo la dzulo. Kwa a sitandade 8, mayeso a MANEB sasuntha chifukwa dera lina linali ndi chikho, ndipo malo a ku sekondale za boma amalimbiranidwa ndi ana a boma lonse. Madzi akatayika saoleka. Lonjezo loti phunziro lidzabwezedwa Loweruka limanenedwa mosavuta pa tsiku la chimwemwe, koma mphunzitsi salipidwa Loweruka, ana ena amapemphera tsiku limenelo, ndipo ena amakhala kumunda.

Mafumu nawonso ali ndi gawo. M'madera ambiri a dziko lino mafumu anakhazikitsa malamulo a m'midzi oti kholo limene mwana wake akujomba kusukulu lilipire chindapusa cha nkhuku, mbuzi kapena ndalama. Magulu a amayi a pasukulu amayenda khomo ndi khomo kukatenga atsikana amene anasiya. Mafumu ambiri anavomeranso kuti chinamwali ndi zochitika za kudambwe zizichitika nthawi ya holide, ngakhale kuti miyambo imeneyi ndi yakale kuposa sukulu. Mwambo wa Kulamba, umene Achewa a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique amasonkhana ku Mkaika kwa Kalonga Gawa Undi, umachitika Loweruka lomaliza la Ogasiti, pamene sukulu zili pa holide. Ngati gule wamkulu anapatsa sukulu ulemu wotere, n'kovuta kufotokozera kholo chifukwa chake mpira sungatero. Nyakwawa imene yalipiritsa munthu nkhuku Lolemba chifukwa mwana wake anajomba singaime Lachisanu kulengeza kuti ana onse ajombe. Kholo limene launa zimenezi limaphunzira kuti sukulu ndi chinthu chosiyika pakakhala chifukwa chabwino, ndipo kwa iye fodya wakupsa m'munda ndi chifukwa chabwino kuposa chikho.

Za chitetezo sizifuna mawu ambiri. Pa 6 Julayi 2017, anthu asanu ndi atatu, asanu ndi awiri mwa iwo ana, anafa atapondedwa pazipata za Bingu National Stadium ku Lilongwe, pamene khamu linkalimbirana kulowa kukaonera mpira wa chikondwerero cha ufulu. Bwalo la kumudzi lilibe zipata zotero, koma lili ndi zoopsa zake: malole ndi mapikapu odzaza ochemerera, njinga zamoto zothamanga ndi chikho pamsewu wa M1, mowa wa m'mabotolo ang'onoang'ono, ndi atsikana obwerera kwawo mdima utagwa. Ana akatulutsidwa m'kalasi nthawi ya sukulu, makolo amakhulupirira kuti ali m'manja mwa aphunzitsi, aphunzitsi n'kumaganiza kuti ali m'manja mwa makolo.

Kukana kutseka sukulu si kukana chikondwerero, ndipo ofesi imene imayang'anira maphunziro ndi masewero pamodzi ili pamalo abwino ogwirizanitsa ziwirizi. Choyamba chofunika ndi kalata yopita kwa a PEA onse, yonena kuti palibe sukulu yotsekedwa kapena kuweruka msanga chifukwa cha mpikisano kapena chikondwerero chake popanda chilolezo cholembedwa cha ofesiyo. Kope lake lipite kwa mafumu, aphungu ndi makhansala, kuti wopempha adziwe yankho asanafunse. Wokonza bonanza amene akufuna bwalo la sukulu alipeze Loweruka, Lamulungu masana, pa tsiku latchuthi la dziko, kapena ana ataweruka, ndipo komiti ya sukulu ndiyo ipereke chilolezo. Ndime zomaliza zikhoza kuikidwa mu Ogasiti, pamene sukulu zili pa holide yaitali, mabwalo ndi ouma, ndipo alimi ambiri agulitsa kale fodya wawo. Imeneyo ndiyo nyengo imene m'matumba mwa anthu muli kangachepe, ndipo ochita malonda a zitumbuwa, nzimbe ndi chiwaya pabwalo amapindula kuposa mu Febuluwale.

Timu yopambana ikakhala ya sukulu, nkhani imasintha pang'ono, chifukwa chikhocho ndi cha ana enieniwo. Pamenepo chikondwerero chilowe m'sukulu m'malo motulutsa sukulu kunja. Chikho chionetsedwe pa asembule ya m'mawa, mayina a osewera atchulidwe, mfumu ndi makolo aitanidwe, ndipo mapiriyodi omaliza a Lachisanu, makamaka a Expressive Arts amene kale ali ndi masewero, nyimbo ndi magule, aperekedwe ku mwambowo pabwalo la sukulu yomweyo. Rejisitala iitanidwe monga mwa masiku onse, phala liphikidwe, ndipo ana aweruke pa nthawi yake dzuwa lisanapendeke. Mwana amene akanatsala kuchigafa adzakhalapo, chifukwa kwa makolo ake limenelo ndi tsiku la sukulu. Sukulu zoyandikana nazo sizifunika kutseka; chikho chikhoza kuyendera sukulu za m'zoni imodziimodzi pa maasembule a sabata yotsatira. Njira yomweyi ingagwire ntchito timu ya m'mudzi ikapambana, bola olankhula akhale osewera ndi aphunzitsi, osati ofuna mavoti.

Otsala ndi osewera eniake, amene nthawi zina amayenera kuchoka pasukulu kukasewera kuboma kapena kuchigawo m'kati mwa sabata. Awa apatsidwe chilolezo ndi mayina awo, aperekezedwe ndi mphunzitsi, ndipo timu ya atsikana ikhale ndi mphunzitsi wamkazi kapena mayi wa m'gulu la amayi a pasukulu. Makolo adziwitsidwe kumene ana akupita, chimene akwere ndi nthawi yobwerera. Akabwerako, mphunzitsi wa kalasi awaonetse ntchito imene anzawo anachita. Wa sitandade 8 kapena fomu 4 asatengedwe m'masabata oyandikira mayeso, ngakhale atakhala goloboyi wodalirika, ndipo ndandanda ya mipikisano ya pazoni ikonzedwe teremu isanayambe kuti ndime zomaliza zisagwe m'masabata amenewo.